Pa 17 Malichi tiphike chiyani? Maganizo ochokera ku Feira

Sabata yatha mng'ono wathu amene anapeza kantchito ku Lusaka anatitumizira chithunzi pa WhatsApp. Chinali chikwangwani cha malo ena odyera a kumayadi, chobiriwira ponseponse, cholengeza phwando la pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera wa ku Ireland. Panali mndandanda wa zakudya za mayina opotoza lilime, mowa wothira utoto wobiriwira, ndi mtengo wolowera umene kuno ku Feira ungagule thumba la unga n'kutsalako ya saladi ndi mchere. Pansi pa chithunzicho analemba kuti anzake onse a ku ofesi akupita, ndiye ngati tili ndi kenakake timutumizireko, adzabweza mwezi ukatha. Tikakana, akuti akatenga kaloba.

Tsiku lomwelo amayi anali atatuma mwana kudzatiuza kuti unga watsala wa masiku awiri. Amene anakulira m'chigwa muno akudziwa kuti Malichi ndi mwezi wotani. Nkhokwe zinauma kalekale, chimanga cha m'munda sichinakhwime, ndipo usiku anthu akugona kumunda kuimba zitini kuti njovu zisamalize ndi chochepa chimene chamera. Ndalama imene tinali nayo inapita kwa amayi.

Koma mnyamatayo sitinamukalipire. Ife timathandizako pa wailesi ya m'dera lathu, ndipo ntchitoyi inatiphunzitsa kuti usanadzudzule chinthu pa mphepo, uyambe wachidziwa. Choncho tinagula bando n'kuyamba kuwerenga za tsikuli ndi zakudya zake. Zimene tinapeza n'zimene zatichititsa kulemba. Maganizo athu ndi awa: amene akufuna kulawa zakudya za ku Ireland alawe, palibe tchimo. Koma aziphike yekha pa mbaula, chifukwa ndi zakudya za anthu osauka ngati ife, ndipo kuzigula ndi ngongole ndi kusamvetsa nkhani yake. Nkhaniyo ikukhudza mphika wathu kwambiri kuposa mmene chikwangwani chija chikuonetsera.

Tiyambe ndi mwini tsiku. Patrick anakhalako m'zaka za m'ma 400, ndipo sanabadwire ku Ireland. Anabadwira ku Britain. Ali ndi zaka 16 anagwidwa ndi achifwamba a panyanja n'kukagulitsidwa ukapolo ku Ireland, kumene anaweta ziweto zaka 6. Kenako anathawa, ndipo patapita nthawi anabwerera kwa anthu omwewo kukalalikira. Kwa ife a pamakumano a Luangwa ndi Zambezi, mawu akuti kapolo si a m'buku la sukulu chabe. Tsidya lija ku Zumbo Apwitikizi anakhazikitsa malo a malonda m'zaka za m'ma 1700, ndipo minyanga ya njovu ndi anthu zinkatsika ndi mtsinje kulowera ku Tete. Dzina lenilenilo lakuti Feira m'Chipwitikizi limatanthauza msika. Ndiye tsiku limene akuligulitsa ndi mowa wobiriwira ndi lokumbukira munthu amene anadziwa njala ndi kuzizira kubusa kwa eni ake.

Ku Ireland kwenikweniko tsikuli kale linali la tchalitchi. Limagwa m'nyengo ya Lenti chaka chilichonse, choncho anthu ankapita ku Misa n'kubwera kudzadyera pamodzi panyumba. Kwa zaka zambiri lamulo la dzikolo linkatseka ngakhale mabala pa tsikuli. Phokoso, maperete ndi zovala zobiriwira zinakulira ku America, pakati pa anthu a ku Ireland amene anasamukira ku New York ndi ku Boston ndipo ankasowa kwawo. Ku Chicago amafika pothira utoto wobiriwira mu mtsinje wa mumzinda, mwambo umene unayamba mu 1962. Zimene zafika m'malo odyera a ku Lusaka ndi za ku America zimenezi, zitadutsa pa TV ndi pa intaneti.

Sikuti anthu a ku Ireland ndi alendo m'dziko lathu. Ansembe a chipani cha Capuchin ochokera kumeneko anafika ku Livingstone mu 1931 n'kufalikira kumadzulo kwa dziko. Ajezuiti a ku Ireland anagwira ntchito yaikulu ku Chikuni, ndipo mmodzi wa iwo, James Corboy, anakhala bishopu woyamba wa Monze mu 1962. Masisitere ndi aphunzitsi awo anaphunzitsa makolo a ambiri mwa inu, ndipo dziko lawo lili ndi kazembe ku Lusaka. Kuno kuchigwa, ku Katondwe, tinazolowera kwambiri amishonale a ku Poland. Komabe dzina la Ireland timalitchula pamsika tsiku ndi tsiku, tikamagula mbatatesi zimene timangoti "ma Irish" pozisiyanitsa ndi kandolo.

Zakudya zakezo n'zotani?

Chodziwika kwambiri ndi Irish stew. Dzina likumveka la pahotela, koma ndi nyama ya nkhosa, mbatatesi, anyezi ndi madzi, basi. Ena amaikamo karoti, ena amakana. Kale ankaphika nkhosa yokalamba imene yasiya kupereka ubweya ndi ana, nyama yolimba yofuna moto wa pang'onopang'ono. Ife nkhosa n'zochepa koma mbuzi tili nazo, ndipo zimachita bwino lomwe. Tengani nyama ya pakhosi kapena ya nthiti, ya mafupa, chifukwa msuzi umachokera m'fupa. Yalani mu mphika mosanjikiza: anyezi, nyama, mbatatesi zodula zikuluzikulu, mchere, n'kubwerezanso. Thirani madzi ongofika pamwamba pa nyama, vundikirani, chepetsani malasha, muisiye maola awiri. Mbatatesi zapansi zimasungunuka n'kulimbitsa msuzi, zapamwamba zimakhala zathunthu. Safuna tomato, safuna saladi. Amene anaphikapo mbuzi ya pamaliro aona kuti palibe chachilendo apa.

Chachiwiri ndi colcannon. Izi ndi mbatatesi zowiritsa zokanyakanya, zosakaniza ndi kabichi kapena masamba ofanana ndi repu, anyezi wa masamba, mkaka pang'ono ndi batala. Kwawo amazikonda kwambiri kumapeto kwa Okutobala, koma pa 17 Malichi zimaonekanso pa tebulo. Wiritsani mbatatesi mpaka zifewe, khetsani madzi, zikanyeni ndi mthiko zikali zotentha. Masamba muwadule bwino, muwafutse pang'ono pa okha, kenako sakanizani zonse ndi mkaka wofunda. Batala akasowa, majarini alowa m'malo. Ndipo mwezi uno chibwabwa chili mbwee m'minda ndi m'misika, chotchipa kuposa kabichi. Ife tinayesa ndi chibwabwa chosenda bwino n'kuthirako nsinjiro m'malo mwa batala. Ana anapempha china. Amayi analawa n'kunena kuti, "Mwana wanga, uyu ndi futali wosowa kandolo."

Chachitatu, chimene chinatisangalatsa koposa, ndi buledi wa soda. Anafala ku Ireland cha m'ma 1800, soda wophikira atayamba kupezeka m'masitolo, chifukwa mabanja osauka analibe uvuni ndipo tirigu wa kumeneko safufuma bwino ndi yisiti. Muyezo wake ndi uwu: makapu 4 a fulawa, kasupuni ka tiyi kamodzi ka soda, kamodzi ka mchere, ndi mkaka wosasa, umene ena amati chambiko ena mabisi, pafupifupi kapu imodzi ndi theka. Sakanizani mwachangu ndi manja, musakande kwambiri chifukwa amalimba. Umbani chibulunga, chekani mtanda pamwamba ndi mpeni kuti moto ulowe mkati, ikani mu mphika wochindikala. Azimayi a ku Ireland ankaika mphika wachitsulo pamoto n'kuika makala pa chivundikiro. Kodi si mmene timaphikira chigumu? Pakatha mphindi 40 gogodani pansi pake. Akalira ngati kang'oma wapsa. Soda amafuna chinthu chowawasa kuti agwire ntchito, ndiye mkaka wosasa ukasowa finyirani ndimu mu mkaka wamba, kapena viikanimo malambe kanthawi n'kusefa. Malaiti athime asathime, buledi ameneyu sawadikira.

Pa chikwangwani chija panalinso corned beef ndi kabichi. Musasokoneze ndi bifi ya m'chitini imene timagula pa kantemba. Iyi ndi nyama ya ng'ombe yoviikidwa m'madzi a mchere masiku angapo, kenako n'kuwiritsa. Chodabwitsa n'chakuti ku Ireland anthu wamba sankaidya kawirikawiri. Ng'ombe inali ya olemera ndi yogulitsa kunja, iwo ankadya nkhumba ya mchere ndi kabichi. Atafika ku New York anapeza kuti nyama ya ng'ombe ya mchere imene ankagulitsa Ayuda a mabutchala oyandikana nawo inali yotsika mtengo, ndiye anaitenga kukhala ya phwando. Chakudya chimenecho chinabadwa chifukwa anthu anaphika zimene thumba lawo linalola, m'komboni ya dziko la eni.

Tayang'anani zonsezi. Palibe chofuna ngongole. Ngakhale mbatatesi, zimene sizichita bwino m'chigwa chathu chotenthachi ndipo zimachita kubwera kuchokera ku Lusaka kudzera pa Luangwa Bridge, kwa inu a m'tauni zili pafupi: pa Soweto mugula mulu ndi ndalama yosafika pa mtengo wa botolo limodzi la kumalo kuja. Chimene amakulipiritsani kumeneko si chakudya. Ndi mpando, nyimbo ndi chithunzi choika pa Facebook.

Mbewu imodzi, njala imodzi

Tsopano tifike pa chimene chikwangwani sichinanene. Patrick sanadyepo mbatatesi, sanaione n'komwe. Mbewuyi ndi ya kumapiri a Andes ku South America, ndipo inafika ku Ireland kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, patapita zaka zoposa 1,000 iye atamwalira. Inakondedwa chifukwa kamunda kakang'ono kankadyetsa banja lonse. Minda yabwino inali m'manja mwa eni malo olemera, ambiri a iwo okhala ku England, ndipo tirigu ndi ziweto zimene mlimi wosauka ankasamala zinkapita kolipira lendi. Iye ankatsala ndi mbatatesi. Pofika m'ma 1840 chilumbacho chinali ndi anthu oposa 8 miliyoni, ndipo pafupifupi 3 miliyoni ankadalira mbatatesi m'mawa, masana ndi madzulo. Ambiri ankabzala mtundu umodzi, wotchedwa Lumper, chifukwa unkabereka kwambiri.

Mu 1845 kunagwa chiwawu, matenda omwe aja amene amapsereza masamba a tomato m'madimba mwathu kukachita chinyezi. Mbatatesi zinaolera m'nthaka ndi m'nkhokwe. Chaka chotsatira zinaipiratu. Popeza mbewu inali ya mtundu umodzi, matenda sanapeze chowaletsa. Pakati pa 1845 ndi 1852 anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa ndi njala ndi matenda otsatana nayo, ndipo oposa 1 miliyoni anakwera zombo kuthawa. Nthawi yonseyo zombo zina zinkanyamula tirigu, ng'ombe ndi batala kuchoka m'madoko a Ireland kupita kokagulitsa. Chakudya chinalipo, osauka analibe chogulira. Mpaka lero chiwerengero cha anthu pachilumbacho sichinabwerere pamene chinali njalayo isanagwe. Zidzukulu za othawa aja ndi zimene zimaguba ku New York pa 17 Malichi.

Pali kachigawo kena ka nkhaniyi kamene kanatiseketsa n'kutimvetsanso chisoni. Nduna yaikulu ya Britain ya nthawiyo, Robert Peel, inagula chimanga cha mapaundi 100,000 ku America kuti chithandize anjala. Chinali chachikasu ndi cholimba. Anthu a ku Ireland sankachidziwa, zigayo zawo zinkalephera kuchipera bwino, ndipo ambiri ankachidya chosapsa n'kutsegula m'mimba. Anachipatsa dzina lachipongwe lakuti sulufule wa Peel. Tangoganizani: chimanga, chimene ife timati ndi moyo, kwa iwo chinali chakudya cha manyazi cha pa mzere wa chithandizo. Pakanakhala ambuya mmodzi wa ku Feira ndi mtondo, lichero ndi mthiko, akanapulumutsa mudzi wonse.

Ifenso chimanga chachikasu tikuchidziwa. Akuluakulu amatiuza za 1992, pamene chilala chinapsereza chigawo chonse chino cha Africa ndipo anthu anadya nsima yachikasu yochokera kunja akuidandaula fungo. Za 2024 sitifunika kuuzidwa. Pa 29 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa ngozi ya dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni, mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa, chinawonongeka. Madzi anatsika ku Kariba, malaiti anasowa, zigayo zinaima. Inu a m'tauni munaona mtengo wa unga ukukwera mpaka mabanja kubwerera ku tipamela. Ife kuno tinaona chimanga chikuuma chisanamasule. Sitikufanizira imfa za ku Ireland ndi zathu, ayi. Tikufanizira msampha wake: dziko lonse kutsamira pa mbewu imodzi yosapirira.

Ndipo chimanga nachonso ndi mlendo, monga mbatatesi ku Ireland. Kwawo ndi ku America, ndipo chinabwera ku Africa ndi zombo za amalonda monga Apwitikizi omwe aja a ku Zumbo. Makolo athu a m'chigwa ankadalira mapira ndi mchewere, mbewu zimene zimapirira dzuwa ndipo zimadikira mvula ikadukiza. Chimanga chinalanda ufumu posachedwapa, chifukwa cha migodi imene inkafuna unga wambiri wodyetsa antchito, zigayo, feteleza wotsika mtengo ndi misika ya boma. Lero mwana akapatsidwa nsima yofiirira ya mapira amafunsa ngati kunyumba kwagwa vuto. Ambuya athu anasunga mbewu ya mapira mu chikho chomata ndi phulusa mpaka imfa yawo. Atamwalira palibe anaifunsa, ndipo ifenso tili m'gulu la olakwawo.

Manyazi a pa tebulo

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwathu ndi anthu a ku Ireland. Iwo anatenga zakudya za umphawi wawo, nyama ya nkhosa yokalamba, kabichi, buledi wopanda yisiti, n'kuziika pa tebulo la tsiku lawo lalikulu mopanda manyazi. Lero dziko lonse likuzilipira. Ife tikafika pa Khirisimasi, pa 24 Okutobala, pa ukwati kapena pa kitchen party, timaphika chiyani? Mpunga, nkhuku ya buloila, tchipisi, makaroni ndi kabichi wa mayonezi. Zakudya zimene zinatilera timazibisa kuseri kwa nyumba, kuti adye okalamba. Mlendo wochokera ku Lusaka akafika, timathamangira ku kantemba kukagula zakumwa za m'botolo pamene thobwa lili mu mtsuko.

Koma taonani zimene chigwa chino chili nacho. Pende ndi mcheni za mu Zambezi ndi mu Luangwa, zaziwisi kapena zowamba, zimene apaulendo a mu Great East Road amaimira pa buliji kuti agule. Masau, amene nyengo yozizira amadzaza matumba kupita ku Lusaka, ndipo ouma amasungika miyezi. Malambe opangira phala ndi chakumwa, amene masiku ano kunja amawagulitsa ngati ufa wopatsa thanzi m'timapaketi tokongola. Bwemba wowawasa. Mbuzi. Therere, chibwabwa chotendera, maungu, nyemba ndi mfutso wa masamba. Pa miyambo ya Mbambala kwa Mfumu Yaikulu Mburuma ndi Dantho kwa Mfumu Mphuka timavina ndi kukumbukira makolo, koma ndi angati a ife amene tingaphike chakudya chonse cha tsikulo popanda unga wa m'sitolo? Ngati msuzi wa nkhosa yokalamba unafika pa chikwangwani cha kumayadi, pende wa nsinjiro ndi nsima ya mapira zalakwa chiyani?

Wina anena kuti, "Inu a wailesi mwayamba kulalikira. Achinyamata akungofuna kusangalala, ndipo anzathu ogwira ntchito m'malo odyera amapezako kangachepe pa masiku otere." N'zoona, ndipo sitikutsutsa. Amene ali ndi ndalama yake apite, avine, asiyeko ya woperekera zakudya. Kubwereka za eni si mlandu. Tomato, chinangwa, mtedza ndi tsabola zonse zinachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo tauni yathu dzina lake ndi msika. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Chimene tikukana ndi kutenga utoto n'kusiya phunziro, komanso kulipira utotowo ndi kaloba wa chiwongoladzanja choopsa m'mwezi umene amayi ako akuwerenga masiku a unga.

Wina, makamaka mlimi, anena kuti mapira n'ngosavuta kuwatamanda pa foni. Mbalame zimawatha ngati palibe woziingitsa, ndipo ana amene kale ankakhala kumunda tsopano ali ku sukulu, kumene ayenera kukhala. Kupuntha ndi kupeta kwake ndi ntchito yowawa imene imagwera azimayi. Thandizo la mbewu ndi feteleza la FISP kwa zaka zambiri lakhala lotsamira ku chimanga, ndipo chimanga ndicho chili ndi msika wodziwika ku FRA. Njovu nazo sizisankha munda. Zonsezi n'zoona. Sitikuuza munthu kuti asiye chimanga, ifenso usiku uno tidya nsima yoyera. Tikunena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Mizere ingapo ya mapira, ya khobwe ndi ya kandolo pambali pa chimanga ndiyo imasiyanitsa chaka chovuta ndi chaka cha maliro. Ndipo mlimi sadzabzala chimene palibe akuchifuna.

Apa ndi pamene inu a m'tauni mukulowa. Mwina mukuganiza kuti nkhani ya mbewu ndi ya kumudzi, koma msika ndinu. Chimene mumafunsa pa Soweto, pa Chawama kapena pa Mtendere ndi chimene amayi a pamsika amaitanitsa, ndipo chimene amaitanitsa ndi chimene mlimi wa kwa Mphuka amabzala. Mukapita kogula, funsani unga wa mapira kapena wa mawere, ngakhale kabakuli kamodzi, musakanize ndi wa chimanga pophika nsima kapena phala. Pa phwando lotsatira la kubanja, pemphani kuti pakhale mbale imodzi ya kwanu, ndipo ikhale pakati pa tebulo. Foni imene mumajambulira mbale za kumalo odyera ijambulenso thobwa ndi chigumu. Mukapita kumudzi pa holide, khalani pansi ndi ambuya akadali moyo, muwafunse mayina a mbewu zakale, kumene zingapezeke ndi kaphikidwe kake, mujambule mawu awo. Ife pa wailesi tayamba kuchita zimenezi, ndipo tikudabwa kuchuluka kwa zimene tinatsala pang'ono kutaya.

Ndipo pa 17 Malichi penipenipo, ngati mtima ukufuna za ku Ireland, sonkhanani anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi monga mumachitira chilimba. Wina agule nyama ya mbuzi, wina mbatatesi ndi anyezi, wina fulawa ndi soda, wina malasha. Ikani mphika pamoto masana, buledi apse pambali, masamba akhale a chibwabwa. Mudzakhuta nonse, chotsala mudzadya mawa, ndipo mudzakhala pafupi ndi mmene banja la ku Ireland linkadyera tsikuli kuposa aliyense wokhala pansi pa mabaluni obiriwira. Musanayambe kudya, wina afotokozeko za 1845, wina za 2024. Zobiriwira zikhale za m'mbale.

Mng'ono wathu uja tinamuimbira foni madzulo ake. Tinamuuza kuti ndalama yapita kwa amayi, ndipo anakhala chete kanthawi. Kenako tinamuwerengera muyezo wa buledi wa soda, iye akulemba. Loweruka tinapatsira kondakitala wa basi kakatoni: pende zowamba zinayi, malambe, ndi kathumba ka nsinjiro zimene amayi anasinja okha atamva kuti n'za mwana wawo. Ngati adzapitabe kuphwando kuja ndi ndalama ya eni, izo n'zake, ndi munthu wamkulu. Koma dzulo anatumiza uthenga kufunsa ngati mphika wa aluminiyamu ungapirire makala pa chivundikiro. Tinamuyankha kuti ungapirire, bola asachulutse moto wapansi, ndipo akabwera pa Isitala atibweretsereko mbewu ya mapira ngati angaipeze m'tauni, chifukwa kuno tikuisakasakabe.